Makina atsopano amabadwa bwanji? Mafunso ndi mayankho ochokera pamalo athu owotcherera zitsulo ku Kasungu

Pamalo pathu pano pa Kasungu boma timawotcherera mageti, mawindo ndi ngolo monga anzathu onse, koma chimene anthu amatifunsa kwambiri ndi makina oswera mtedza amene tidayamba kupanga zaka zingapo zapitazo. Ena ofunsawo ndi alimi a m'makalabu a ku Santhe ndi ku Chamama, ena ndi anyamata ndi atsikana amene amaliza maphunziro a ntchito zamanja ndipo ali ndi ganizo lawolawo m'mutu. Mafunso ake amakhala omweomwewo, ndiye ndaona kuti ndiwaike pamodzi. Ndiyankha potengera makina a mtedzawo chifukwa ndi amene ndidawalera kuyambira ali papepala, koma njira yake ndi imodzimodzi kwa wofuna kupanga chopukusira chimanga, pampu ya madzi kapena chodulira udzu wa ng'ombe.

Ndili ndi ganizo la makina atsopano. Ndiyambire pati?

Musayambire pa zitsulo. Zitsulo zikhale kaye kusitolo. Pitani mukakhale pansi ndi anthu amene amagwira ntchito imene mukufuna kuipepukitsayo, ndipo mukaigwire nawo ndi manja anu.

Ine ndidatha masiku atatu pakhonde la banja lina kufupi ndi Chamama, m'mwezi wa June, amayi akuswa mtedza. Ndidapita ndili ndi yankho kale m'mutu, loti vuto lawo ndi kuchedwa. Kuchedwako kudalipodi, ndipo zala zazikulu za kumanja za amayiwo zidali zitang'ambika, wina atamanga kansanza. Koma nditafunsa kuti makina abwino angakhale otani, mayi wamkulu wa pakhomopo sadatchule za liwiro ayi. Adatola njere imodzi yogawika pakati n'kundiika m'dzanja.

"Bambo, iyi venda amaitaya pambali kapena amatsitsa nayo mtengo wa thumba lonse. Ndipo iyi," adatola ina yosupuka khungu, "singakhale mbewu. Ngati makina anuwo azidzatulutsa zoterezi, bola tizingoswa ndi manja."

Mawu amenewo ndi amene adasanduka msana wa ntchito yonse. Ndikadapanda kukhala pakhonde paja ndikadapanga makina othamanga amene palibe akadawafuna. Safunsa adadya phula.

Mukabwerako lembani papepala limodzi zimene makinawo ayenera kukwaniritsa, ndipo muzilembe moti munthu angathe kuziyeza. Mawu oti "akhale olimba" sathandiza kanthu. Lembani kuti anthu awiri athe kuwakweza pangolo, alowe pakhomo la nyumba wamba, mayi mmodzi athe kuwapukusa osatopa msanga, njere zosweka zisapose chiwerengero chakuti pa njere 100 zilizonse, ndipo mtengo usapitirire ndalama zimene kalabu ingasonkhe m'nyengo imodzi. Pepala limeneli likhomeni pakhoma. Mkangano uliwonse umene ungadzabuke pambuyo pake mudzaziuthetsa poliyang'ana.

Makina oswera mtedza alipo kale m'misika. Kupanganso ena si kuba nzeru za eni ake?

Kuphunzira kwa amene adatsogola si kuba. Njira yoswera mtedza poukhuza pa sefa yachitsulo ndi yakale kwambiri ndipo ili m'maiko ambiri. Chimene munthu amaonjezapo ndi kuigwirizanitsa ndi mtedza wa kuno, zitsulo zopezeka kuno ndi thumba la mlimi wa kuno. Ine ndidamasula makina awiri akale, amodzi obwera kunja, n'kuona pamene adadyeka ndi pamene adathyoka. Malo odyekawo amaphunzitsa kuposa malo owala.

Chimene sindivomereza ndi kutenga makina a mnzako, kuwakopera ndendende mpaka penti, n'kumata dzina lako.

Sinditha kujambula pa kompyuta. Kodi ndingathe?

Mungathe ndithu. Kope la masamu la timabokosi, pensulo ndi lula n'zokwanira poyamba. Chofunika n'chakuti chiwalo chilichonse chijambulidwe kuchokera kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, ndipo miyezo yonse ilembedwe m'mamilimita. Apa samalani, chifukwa kuno timasakaniza: ma pulley (magudumu oyendapo lamba) ndi mapaipi timagula m'mainchi, pomwe ma bearing ndi angle iron zili m'mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, osati 25, ndipo kakusiyana kameneko n'kokwanira kuti shaft, ndodo yachitsulo yozungulira, ikane kulowa mu bearing, chogwirira chimene imazunguliramo.

Musanadule lata, dulani katoni. Chothira mtedza chapamwamba tidachipanga kanayi ndi makatoni a sopo tisanapeze kupendekeka koti mtedza uzitsetsereka wokha osaunjikana pakhosi. Katoni ndi yotola, lata ndi la ndalama.

Amene muli ndi kompyuta phunzirani CAD, mapulogalamu ojambulira makina. AutoCAD ndi SolidWorks n'zolipira, koma FreeCAD ndi yaulere. Phindu lake limaonekera pamene mukutumiza chojambula kwa munthu wa lathe (makina osemera zitsulo) ku Lilongwe, amene sangakufunseni maso ndi maso kuti apa mumatanthauza chiyani.

Makina anu oyamba adayenda bwino?

Ayi, ndipo nkhani yake ndimaifotokozera aliyense wobwera kudzaphunzira pano.

Tidalumikiza mota ya magetsi ku dilamu yoswera ndi ma pulley osasiyana kwenikweni kukula. Mota zambiri zimene timagula kuno, pa magetsi athu a 50 Hz, zimazungulira pafupifupi ka 1,440 pa mphindi. Poyesa popanda mtedza makinawo ankalira bwino, osagwedera, moti tonse tidakondwa. Ndidawakweza pagalimoto kupita nawo kwa mayi wina wogula ndi kugulitsa mtedza amene adatilola kuyesera pa katundu wake. Tidathira ndowa yoyamba. Chimene chidatuluka pansi sichidali mtedza wogulitsa, chidali chophwanyikaphwanyika ngati choti akasinje nsinjiro, chosakanikirana ndi makoko. Mayiwo adagwada, n'kuzitapa m'manja, osayankhula kanthu kwa kanthawi. Kenako adangoti, "Achimwene, zimitsani." Mtedzawo udali mpamba wawo. Ndidawabwezera ndalama yake tsiku lomwelo, koma nkhope yawo ndimaikumbukirabe.

Cholakwa chidali masamu amene ndidawadumpha. Liwiro la dilamu limapezeka pochulukitsa liwiro la mota ndi kukula kwa pulley ya pamota, kenako n'kugawa ndi kukula kwa pulley ya padilamu. Titaika ya mainchi 3 pamota ndi ya mainchi 18 padilamu, liwiro lidatsika kuchoka pa 1,440 kufika pa 240. Masamu a mphindi ziwiri, amene mwana wa Fomu 1 angathe, akadapulumutsa ndowa ija.

Kuyambira pamenepo tili ndi malamulo awiri pano. Makina oyamba sagulitsidwa, ngakhale munthu abwere ndi ndalama m'manja, chifukwa ntchito yawo ndi kutiphunzitsa. Ndipo kuyesa koyamba kumachitikira pa mtedza wogula ndi ndalama zathu.

Liwiro likakhala bwino, ndiye kuti basi mtedza susweka?

Liwiro ndi chimodzi mwa zinayi. Pali mpata wa pakati pa zomenyera za dilamu ndi sefa, pali kukula kwa mabowo a sefa, ndipo pali kuuma kwa mtedzawo. Zinayizi zimakokana. Mukachepetsa mpata, mtedza wonse usweka makoko koma njere zambiri zivulala. Mukaukulitsa, njere zituluka zamphumphu koma mtedza wambiri udutsa wosaswa. Kupanga makina kwenikweni ndi kufunafuna pakati pamene mlimi angavomereze.

Chimene chidativuta kwambiri ndi mitundu ya mtedza. Chalimbana ndi wa njere zikuluzikulu. CG7 wofiira uja amacheperako. Kakoma ndi Baka ndi ang'onoang'ono. Sefa yoyenera Chalimbana imalola Kakoma kudutsa ndi makoko ake, pomwe sefa ya Kakoma imatsekereza Chalimbana mpaka njere kuphwanyika. Poyamba sefa tidaiwotcherera ku thupi la makina, kenako tidaona kuti tadzimanga tokha. Tsopano imamangidwa ndi mabawuti anayi, ndipo makina aliwonse amachoka pano ndi masefa atatu. Mpata uja nawo umasinthidwa potembenuza manati awiri. Pa makina oyeserera, chilichonse chimene simunatsimikize muyeso wake chimangeni ndi bawuti m'bowo lotalika, kuti muzitha kuchisuntha. Muziwotcherera pokhapokha mutadziwa.

Ngakhale m'thumba limodzi mumakhala mtedza waukulu ndi waung'ono, choncho timalangiza kuti uyambe wasankhidwa, ndipo umene wadutsa wosaswa ubwezedwe pa sefa yocheperako.

Mumayesa bwanji kuti mudziwe kuti kusintha kwathandiza?

Ndi sikelo, wotchi ya pafoni ndi kope. Maso okha amanama, makamaka maso a mwini makina, amene amafunitsitsa kuti ziyende.

Timayeza makilogalamu 10 a mtedza wa makoko, kuthira m'makina n'kulemba mphindi zimene watenga. Zotuluka timazipeta n'kuzigawa patatu: njere zamphumphu, zosweka, ndi mtedza wosaswa. Mulu uliwonse pasikelo. Mtedza wokhwima bwino umapereka njere za makilogalamu pafupifupi 6 ndi theka mpaka 7 pa makilogalamu 10 amenewo, ndiye zikachepa kwambiri timakayang'ana m'makoko ngati fani youluzira makoko sikuuluzanso njere. Kenako timatapa njere 100 osasankha n'kuwerenga zosupuka khungu. Ngati mtedzawo ndi wa mbewu, njere zina 100 timazidzala m'beseni la mchenga pambali pa 100 zoswa ndi manja, n'kuona zimene zamera.

Muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukasintha pulley ndi sefa nthawi imodzi zinthu n'kuyenda bwino, simudziwa chimene chathandiza, ndipo tsiku limene zidzavute mudzasowa pogwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyesa kwa pano kukatha, makina amapita kumudzi kwa nyengo yathunthu, ife kulibe. Kumeneko ndiye kumatuluka zimene sitingaziganize. Mwana amaponyamo mwala. Makina amagona panja mame n'kuwagwera. Kalabu ina idatibwezera makina chogwirira chitapindika, chifukwa anyamata awiri ankapukusa limodzi kuti amalize msanga. Sitidawadzudzule. Tidasintha chogwiriracho n'kuika paipi yochindikala.

Kwathu timawaza madzi pa mtedza tisanaswe. Tingachite chimodzimodzi ndi makina?

Chonde musatero. Ndikudziwa chifukwa chake anthu amawaza: makoko amafewa, zala zimapumako. Koma mtedza wonyowetsedwa ukalowa m'thumba umachita chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu satha ndi kukazinga kapena kuphika, amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo ndi amene amatsekereza mtedza wathu kumisika ya kunja. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu wokhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa biliyoni. Akatswiri a mtedza a kumalo ofufuzira zaulimi ku Chitedze akhala akuchenjeza za nkhaniyi kwa zaka zambiri.

Kwa wopanga makina, apa pali phunziro. Makina athu adayenera kutha kuswa mtedza wouma, wolira m'makoko ukaugwedeza, popanda kuuthira madzi. Akadakhala oti amafuna mtedza wonyowa kuti njere zisasweke, bwenzi titachiza zala n'kudwalitsa chiwindi. Funso loti makina anga adzasintha chiyani pa khalidwe la owagwiritsa ntchito liyenera kufunsidwa asanapangidwe.

Zitsulo za sikirapu n'zotchipa. Bwanji osangogwiritsa zimenezo?

Pa makina oyeserera, gwiritsani ndithu. Pa makina ogulitsa, ayi, kupatula pa ziwalo zosasenza katundu.

Vuto la sikirapu si kufooka kokha. Mukapanga makina ndi giya ya galimoto yakale imene mwaitola, tsiku limene giyayo idzathyoke mlimi wa ku Nkhamenya adzaipeza kuti inzake? Makina amafera pakhonde chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosowa. N'chifukwa chake chilichonse chimene chimadyeka timasankha chopezeka m'sitolo za hardware: bearing ya UCP 205, imene imalowa shaft ya mamilimita 25, lamba wamba wa V, ndi mabawuti a saizi ziwiri zokha kuti masipanala awiri amasule makina onse. Nambala ya lamba ndi ya bearing timailemba ndi penti pathupi la makina, chifukwa pepala limatayika.

Apamanja, a magetsi kapena a injini ya dizilo?

Funsani kumene makinawo akakhale. Midzi yambiri kuno magetsi a ESCOM sadafike, ndipo kumene adafika amazimazima. Apamanja amayenera banja kapena kalabu yaing'ono. Wochita bizinesi patauni kapena pamsika waukulu angafune a mota. Ife thupi la makina tidalipanga limodzi, loti likhoza kulandira chogwirira kapena pulley, kuti munthu akakula pa bizinesi asagulenso makina ena.

Chotchinga lamba chimakweza mtengo. Kodi n'chofunikadi?

Inde, ndipo pano sitikambirana za kuchichotsa. Anthu ena amapempha kuti tichisiye kuti mtengo utsike, koma timakana. Oswa mtedza ambiri ndi amayi ovala zitenje, ena ali ndi mwana kumbuyo, ana ena akusewera pafupi. Lamba wozungulira akakola nsonga ya chitenje sapereka mpata woti munthu aganize. Khosi lothirira mtedza nalo tidalitalikitsa ndi kulichepetsa kuti dzanja lisafike pa dilamu, ndipo switch yozimitsira ili pamene woyendetsa waima, osati kuseri. Nsonga zonse za malata timazipinda kapena kuzipala. Izi ziyenera kulowa m'chojambula kuyambira pachiyambi, chifukwa chotchinga chongomatapo pamapeto chimavutitsa pomanga lamba, ndipo chovutitsa anthu amachichotsa n'kuchiponya kuseri kwa nkhokwe.

Makina amodzi atheka. Nanga khumi ofanana ndipanga bwanji?

Apa ndi pamene amisiri ambiri aluso amagwera. Makina oyamba mumawapanga mosema, apa kudula, apo kuonjeza, mpaka agwirizane. Achiwiri mukawapanga chimodzimodzi atuluka osiyana, ndipo sefa ya awa sikwana pa awo.

Mankhwala ake ndi ma jig, zikombole zogwirira zitsulo pamalo amodzi pamene mukuboola kapena kuwotcherera. Tili ndi chimodzi cha miyendo, china cha mabowo a bearing, china chopindira sefa. Kuzipanga kudatidyera sabata yathunthu popanda cholowa, koma lero mnyamata wophunzira ntchito amatulutsa thupi la makina lofanana ndi langa. Kumbukiraninso kuti chitsulo chikatentha chimakoka. Yambani mwagwiriza ndi timadontho m'makona onse, yezani kuchokera pakona kufika pakona yopingasa mbali zonse ziwiri, miyezo ikafanana ndiye muwotcherere zenizeni.

Chojambula chija muchikonze kuti chifanane ndi makina omaliza, ndipo makina aliwonse muwapatse nambala. Wina akaimba foni kuti chakuti chathyoka, mudzadziwa kuti ndi a gulu liti ndiponso kuti ena ofanana nawo ali kwa yani.

Mtengo mumauika bwanji?

Lembani chilichonse: zitsulo, ndodo zowotcherera, madisiki odulira, penti, girisi, magetsi, thiransipoti yokatenga katundu ku Lilongwe, malipiro a anyamata ndi anu omwe. Ambiri amaiwala kudzilipira, amaiwalanso ndalama zimene zidapita pa makina oyeserera. Popeza mitengo ya zitsulo imasintha kwacha ikagwa, mtengo umene mwauza munthu muuikire masiku ake.

Mukapeza kuti mtengo waposa umene mudalemba papepala la pakhoma lija, musathamangire kupepuza zitsulo. Yang'anani chiwalo chimene chingachoke osasowedwa. Ife tidachotsa matayala, chifukwa tidaona kuti makina akafika pakhomo sasunthidwanso kawirikawiri.

Ndingateteze bwanji nzeru yanga kuti ena asaikope?

Njira ya lamulo ndi patent, chikalata choletsa ena kukopera chimene mwatulukira. Kuno kuli ofesi ya boma yolembetsa zimenezi, ndipo dziko la Malawi ndi membala wa ARIPO, bungwe limene likulu lake lili ku Harare, lothandiza kuteteza nzeru m'maiko angapo a mu Africa nthawi imodzi. Chofunika kudziwa n'chakuti patent imaperekedwa pa chinthu chatsopano chenicheni, ndipo mukayamba mwachionetsa poyera, kaya pa Facebook kaya pachionetsero cha zaulimi, mukhoza kutaya mwayiwo. Ngati mukukhulupirira kuti mwatulukira chimene sichidaonekepo, funsani kaye musanajambule kanema.

Kwa ambirife, amene timangokonza bwino zimene zilipo kale, chotiteteza n'china. Wokopera amaona maonekedwe koma kope la zoyesa lija alibe, sadziwa chifukwa chake mpata uli wotero. Ndipo mlimi amabwerera kwa mmisiri amene amayankha foni makina akavuta. Mukafuna kugulitsa kwa mabungwe akuluakulu kapena m'masitolo, pitaninso ku Malawi Bureau of Standards mukamve zimene amafuna pa katundu wa mtundu wanu.

Kodi ndiyenera kukhala injiniya wa digiri?

Ife a ku Kasungu yankho tili nalo pakhomo. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 14 adapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakale, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Koma anthu akamakamba nkhaniyi amadumpha mbali ziwiri. Mnyamatayo ankapita ku laibulale kukayang'anitsitsa zojambula za m'mabuku a sayansi, ndipo mwayi utapezeka adabwerera kusukulu mpaka kumaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014. Sadanyoze maphunziro.

Choncho yambani ndi zimene muli nazo, koma masamu musawathawe. Maphunziro a pansi pa TEVETA, m'makoleji monga a Lilongwe, Namitete ndi Mzuzu, amapereka maziko abwino a kuwotcherera ndi kuwerenga zojambula. Pa zinthu zozama, monga kuwerengera kulimba kwa shaft kapena kukula kwa fani, kuli akatswiri ku MUBAS ku Blantyre ndi ku LUANAR ku Bunda. Fani yathu youluzira makoko idatikanika kwa miyezi mpaka wophunzira wina wa uinjiniya, amene adabwera kwawo patchuthi, adatiwerengera kukula kwa khomo lotulukira mphepo. Mutu umodzi susenza denga.

Zonsezi zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Makina a zaulimi amayendera nyengo, osati changu cha mmisiri. Mtedza umakumbidwa mu April ndi May, kuswa kumachuluka kuyambira June, ndiye mukaphonya miyezi imeneyo kuyesa kwenikweni kudikira chaka chinacho. Ife zidatitengera nyengo zitatu: yoyamba ya ndowa yophwanyika ija, yachiwiri ya makina obwereketsa ku makalabu, yachitatu ndiye tidayamba kugulitsa. Mpaka lero tikusinthabe zina. Chaka chino tikuyesa kuika labala pa zomenyera za dilamu kuti tione ngati njere zosupuka khungu zingachepe, makamaka kwa alimi ochulukitsa mbewu.

Ndingabwere kudzaona kapena kudzayesa mtedza wanga?

Bwerani tsiku lililonse kupatula Lamulungu, makamaka m'mawa ntchito isanachuluke. Tengani makilogalamu 5 a mtedza wanu wouma, wosawaza madzi, ndipo mutiuze mtundu wake kuti timange sefa yoyenera. Mudzapukusa nokha, mudzapeta nokha, njere 100 zija mudzawerenga nokha. Amene mukubwera ndi ganizo la makina anu, bweretsani chojambula ngakhale chili cha pensulo, pamodzi ndi maina a midzi imene mwakhalako pansi ndi anthu odzawagwiritsa ntchito.